Kuthamanganso Pambuyo pa Opaleshoni ya Thumba la Pamimba

Mwezi uno m'gawo lathu la zaumoyo tikambirane nkhani imene anthu ambiri amangoinong'onezana, osaitchula pagulu. Pakati pathu, kuno ku Bagamoyo, m'tauni yonse ya Moatize mpaka kukafika kumalire ku Zóbuè, alipo abale amene anathamangira nawo kuchipatala matumbo atapotokola kapena atabooka, ndipo potsitsimuka anapeza kuti madokotala awatsegulira njira yatsopano ya chimbudzi pamimba ndi kumatapo thumba. Moyo wawo unapulumuka, ndipo tinayamika. Koma atabwerera kunyumba ambiri a iwo anayamba kudzitsekera m'chipinda, kuvala zovala zikuluzikulu ndi kupewa anzawo. Mwa iwo muli anyamata amene ankasewera mpira Loweruka lililonse, abambo amene ankathamanga mbandakucha m'mbali mwa msewu wa ku Tete, ndi amayi amene ankayenda mtunda wautali kupita kumunda osamva kutopa. Funso limene lili mumtima mwawo, limene nthawi zambiri amachita manyazi kufunsa adokotala, ndi lakuti: kodi ndidzathamanganso?

Yankho lake ndi lakuti inde, anthu ambiri amathamanganso, ena mpaka kuposa m'mene ankachitira asanadwale. Koma njira yobwerera ili ndi dongosolo lake, ndipo kuno kwathu dongosololi liyenera kuganizira dzuwa la ku Tete, fumbi la kumigodi ndi kusowa kwa matumba. Zimene tilembe pano sizikulowa m'malo mwa malangizo a adokotala amene anachita opaleshoniyo. Cholinga chathu ndi chakuti wodwala adziwe zofunsa, ndipo achibale ndi abale a mumpingo adziwe pothandizira.

Bowolo ndi chiyani?

Tiyambe ndi kumvetsa chimene chinachitika m'thupi, pakuti mantha ambiri amakula chifukwa cha kusadziwa. Chakudya chikachoka m'chifu chimadutsa m'matumbo aang'ono, m'mene thupi limayamwa zolipatsa mphamvu, kenaka chimalowa m'matumbo aakulu, m'mene thupi limabweza madzi ndi mchere zotsalazo zisanatuluke. Mbali ina ya njira imeneyi ikawonongeka, adokotala amakonza kapena kudula malo owonongekawo, n'kutulutsa nsonga ya thumbo pakhungu la pamimba ndi kuisokerera pamenepo. Nsonga imeneyo imatchedwa sitoma. Ikachokera ku matumbo aakulu, opaleshoniyo imatchedwa kolositomi, ndipo zotuluka zimakhala zolimbirako. Ikachokera ku matumbo aang'ono imatchedwa iliyositomi, ndipo zotuluka zimakhala zamadzimadzi komanso zimabwera pafupipafupi. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri kwa munthu wofuna kuthamanga, choncho aliyense afunse kuchipatala kuti yake ndi iti.

Sitoma yathanzi imakhala yofiira ndi yonyowa ngati m'kati mwa tsaya. Siwawa poikhudza chifukwa ilibe mitsempha yomvera ululu, ndipo nthawi zina imatuluka timagazi tochepa poipukuta popanda kukhala vuto. Ilibenso mnofu wotsekera, n'chifukwa chake munthu sangasankhe nthawi yotulutsa, ndipo thumba limafunika usana ndi usiku.

M'maiko a ku Ulaya ndi ku America opaleshoni imeneyi imachitika kwambiri chifukwa cha khansa ya m'matumbo ndi matenda okhalitsa otupitsa matumbo. Khansa ilipo kwathu kuno, koma palinso zifukwa zina zimene zimagwira anthu akadali ndi mphamvu zawo. Chimodzi ndi kupotokola kwa thumbo lalikulu chakumapeto kwake, vuto limene limapezeka kwambiri mwa amuna, ndipo madokotala a pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe alembapo zambiri chifukwa cha kuchuluka kwa odwala amene amafika nalo. China ndi taifodi, imene imabwera ndi madzi kapena chakudya choipitsidwa ndipo ikachedwa kuchizidwa imaboola matumbo aang'ono. Palinso ngozi zapamsewu, kuvulala kwakukulu kwa amayi pobereka, ndi ana obadwa njira ya chimbudzi ili yotsekeka. Palibe chimodzi mwa izi chimene chili chilango kapena kulodzedwa, ndipo sitoma si nthenda yopatsirana.

Tikumbukirenso kuti sitoma zambiri, makamaka zobwera chifukwa cha taifodi, kupotokola kwa matumbo kapena kuvulala, zimakhala za kanthawi. Pakapita miyezi ingapo, thupi likalimba, madokotala amalumikizanso matumbo ndi kutseka bowolo. Munthu amene wakhala akuyenda, akudya bwino ndi kulimbitsa thupi amafika pa opaleshoni yachiwiriyo ali ndi mphamvu zoipirira. Kwa ena sitoma ndi ya moyo wonse, ndipo iwonso malangizo ali m'munsiwa ndi awo.

Ena anadutsa kale njira imeneyi

Thumba lomata pakhungu limene tikuliona lero silakale kwambiri. M'chaka cha 1954 namwino wina wa ku Denmark, Elise Sørensen, anaona m'bale wake Thora akuopa kutuluka m'nyumba atachitidwa opaleshoni yotereyi, chifukwa zipangizo za nthawi imeneyo zinkadontha. Iye anaganiza zopanga thumba lapulasitiki lokhala ndi chomatira chozungulira bowo, loti likagwira ntchito litayidwe. Ganizo limeneli ndilo linabala kampani ya Coloplast m'chaka cha 1957. Chaka chotsatira, mu 1958, mayi wina wa ku America, Norma Gill, amene iye mwini anali ndi iliyositomi, anayamba ntchito pachipatala cha Cleveland Clinic yophunzitsa odwala anzake kusamalira sitoma, ndipo ntchito yake ndiyo inayambitsa luso la anamwino osamalira anthu otere. Tikuona kuti kuyambira pachiyambi, thumbali linapangidwa ndi cholinga chakuti munthu atuluke panja.

Ndipo anthu anatulukadi. Rolf Benirschke, wosewera mpira wa ku America wa timu ya San Diego Chargers, anachitidwa opaleshoni ya matumbo mu 1979 ataonda kwambiri, koma mu 1980 anabwerera pabwalo atavala thumba, nasewera zaka zina zingapo. Adele Roberts, muulutsi wa pa wailesi ku Britain, anapezeka ndi khansa ya m'matumbo mu Okutobala 2021 ndipo anapatsidwa iliyositomi. Mu Epulo 2023 anathamanga mpikisano wa London Marathon, mtunda wa makilomita 42, m'maola 3, mphindi 30 ndi masekondi 22, liwiro limene linalembedwa ngati loposa la mayi aliyense wa iliyositomi kufikira nthawi imeneyo. M'chaka chomwecho Gill Castle, mayi amene anapatsidwa kolositomi atavulala pobereka mu 2011, anasambira yekha kuwoloka nyanja ya pakati pa England ndi France kwa maola pafupifupi 14. Bungwe limene iye anayambitsa, la Chameleon Buddies, limathandiza amayi a sitoma ku Eldoret m'dziko la Kenya, mzinda womwewo umene umatchuka ndi akatswiri othamanga.

Wina anganene kuti amenewo ndi a kumaiko a ndalama, kumene thumba likatha amangotenga lina. N'zoona, ndipo za kusowa kwa matumba tikambapo. Komabe matumbo awo ndi ofanana ndi athu, ndipo chimene akutiphunzitsa ndi chakuti thupi lokhala ndi sitoma limatha kupirira ntchito yolemetsa. Sitikuuza m'bale wa ku Bagamoyo kuti akathamange makilomita 42. Dziko lathu limadziwa kukoma kwa liwiro kuyambira pamene Maria Mutola anatenga mendulo ya golide pa mpikisano wa mamita 800 ku Sydney m'chaka cha 2000, koma ambiri a ife timangofuna kuthamangira chapa isanatisiye, kuthamangitsa mbuzi m'munda, kapena kusewera mpira ndi anzathu. Zimenezo n'zotheka.

Masabata oyamba: kuyenda ndi kudekha

Mdani wamkulu wa miyezi yoyamba ndi kufulumira. Kuti thumbo lituluke pakhungu, adokotala anaboola minofu ya pamimba, ndipo malo amenewo amakhala ofooka. Munthu akanyamula cholemera, akatsokomola mwamphamvu kapena akadzikakamiza msanga, matumbo ena amatha kudzipanikiza pambali pa bowolo n'kupanga chotupa kunsi kwa khungu, chimene madokotala amati hernia. Chotupa chimenechi ndi limodzi mwa mavuto ofala kwambiri kwa anthu a sitoma. Chimapangitsa thumba kusamatika bwino, ndipo nthawi zina chimafuna opaleshoni ina.

N'chifukwa chake madokotala ambiri amalangiza kuti kwa masabata 6 mpaka 8 oyamba munthu asanyamule chilichonse cholemera, ndipo ntchito zolemetsa ndi kuthamanga zidikire mpaka pafupifupi miyezi itatu, kapena mpaka adokotala atavomereza. Kwathu kuno langizo limeneli liyenera kutchulidwa ndi maina a zinthu zake: ndowa ya madzi ya malita 20, thumba la makala, thumba la simenti la makilogalamu 50, mtolo wa nkhuni, munsi wosinjira, khasu pa nthaka youma, ndi mwana wamkulu wofuna kubelekedwa. Zonsezi zidikire. Pofuna kutsokomola kapena kuyetsemula, munthu aike dzanja kapena kansalu kopinda pamimba pafupi ndi bowolo. Podzuka pamphasa kapena pabedi, ayambe watembenukira chammbali, n'kudzikankha ndi dzanja, osadzuka chagada. Amene amasuta fodya asiye, pakuti fodya amachedwetsa kupola kwa chilonda ndi kubweretsa chifuwa.

Kupumula kumeneku sikutanthauza kugona tsiku lonse. Kuyenda kumayamba munthu akadali m'chipatala, anamwino akalola. Kunyumba ayambe ndi kuzungulira bwalo kwa mphindi zisanu kawiri kapena katatu pa tsiku, n'kumawonjezera pang'ono sabata iliyonse, mpaka athe kuyenda mwandawala kwa theka la ola osapuma wefuwefu ndiponso osamva kuwawa pamimba. Pamodzi ndi kuyenda, aphunzire kulimbitsa minofu ya m'kati mwa mimba mofatsa: agone chagada, mawondo atapinda, apume bwino, ndipo potulutsa mpweya akokere mchombo m'kati pang'ono kwa masekondi angapo, kenaka amasule. Ngati kuchipatala kuli wophunzitsa mafizo, amupemphe kuti amuwonetse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mwambiwu ukunena zoona zenizeni.

Kuyamba kuthamanga

Adokotala akavomereza, ndipo munthu akatha kuyenda mwandawala theka la ola mosavutika, nthawi yoyesa kuthamanga yakwana. Njira yabwino ndi kusakaniza: kuthamanga pang'onopang'ono mphindi imodzi, kuyenda mphindi ziwiri, kubwereza zimenezi kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu, masiku atatu pa sabata, kusiya tsiku lopumula pakati. Sabata ikadutsa popanda kuwawa kapena kutupa, mphindi zothamanga ziwonjezeredwe ndipo zoyenda zichepetsedwe. Liwiro loyenera ndi lija loti munthu angathe kuyankhula ndi mnzake akuthamanga. Sabata ina ikavuta, abwerere pa ya m'mbuyo osadzida. Amene akulandira mankhwala a khansa kapena amene magazi ndi ochepa afunse kaye kuchipatala, chifukwa kutopa kwawo kuli ndi chifukwa china.

Malo othamangira akhale athyathyathya poyamba. Abale a ku Zóbuè ali ndi mwayi wa mphepo yozizirirako ya kumapiri, koma zitunda za kumeneko zimalemetsa mimba pokwera ndi kuigwedeza potsika, choncho zidikire mpaka thupi litazolowera. Msewu waukulu wochokera ku Tete kudutsa ku Moatize kupita kumalire umadzaza ndi malole, ndipo munthu amene akuphunzira kumene kumvetsera thupi lake asawonjezere nkhawa ya magalimoto. Bwalo la sukulu kapena njira yam'mudzi yapafupi ndi nyumba n'zabwino, popeza chimbudzi chimakhala pafupi. Mpira ubwere pomaliza, kuthamanga kutakhazikika, chifukwa uli ndi kugundana ndi kugwa. Sitoma ikamenyedwa mwamphamvu imatha kuvulala munthu osamva kuwawa, choncho wosewera mpira aiteteze ndi chophimba cholimba kapena lamba, ndipo aiyang'ane akamaliza kusewera.

Dzuwa, thukuta ndi fumbi

Apa ndi pamene malangizo olembedwa ku Ulaya satikwanira. Chigwa cha Zambezi ndi chimodzi mwa malo otentha kwambiri m'dziko muno, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha ku Tete ndi ku Moatize kumapitirira madigiri 40 kawirikawiri. Munthu wa iliyositomi alibe thandizo la matumbo aakulu lobweza madzi ndi mchere, kotero amataya zimenezi m'thumba tsiku ndi tsiku. Akawonjezera thukuta la kuthamanga padzuwa, thupi limauma msanga, ndipo kuuma kobwerezabwereza kumawononga impso. Zizindikiro zake ndi mkodzo wochepa ndi wakuda, chizungulire poimirira, mutu, kukokana kwa minofu ya miyendo ndi kufooka.

Chodabwitsa kwa ambiri ndi chakuti kwa munthu wa iliyositomi, kumwa madzi okhaokha ochuluka nthawi imodzi kumatha kuwonjezera zotuluka ndi kukokolola mchere wa m'thupi. Chothandiza ndi madzi a mchere ndi shuga aja timapatsa ana otsegula m'mimba, amene ku Malawi amadziwika kuti Thanzi ndipo m'zipatala za kuno amalembedwa SRO. Paketi isungunulidwe monga zalembedwera pa paketipo. Ikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere zimagwira ntchito. Amwe pang'onopang'ono asanayambe, ali m'kati, ndi atamaliza. Amene ali ndi nthenda ya shuga, ya impso kapena kuthamanga kwa magazi afunse kaye adokotala za mlingo wake. Munthu wa kolositomi sataya madzi ochuluka chotero, komabe dzuwa la kuno silisankha.

Nthawi yothamanga ikhale mbandakucha dzuwa lisanakwere, kapena madzulo litapepa. M'masiku otentha kwambiri kuyenda kokha n'kokwanira. Tiganizirenso za fumbi. Ife a ku Bagamoyo tikulidziwa bwino fumbi la kumigodi ya malasha, ndipo tikukumbukira kuti mu Okutobala 2018 anthu a dera lino anafika poimitsa ntchito pamgodi wapafupi podandaula za fumbilo. Wothamanga amapuma mpweya wambiri kuposa woyenda, ndipo chifuwa chosatha chimapanikiza minofu yofooka ya pamimba. Tsiku limene mphepo ikubweretsa fumbi chakunyumba, ndi bwino kusankha njira ina kapena kudikira.

Thumba, zovala ndi chakudya

Mantha aakulu a wothamanga aliyense wa sitoma ndi akuti thumba lingamatuke pakati pa anthu. Pali zinthu zingapo zimene zimachepetsa ngozi imeneyi. Thumba likhuthulidwe munthu asananyamuke, ndipo masiku onse lisamadikire kudzaza. Likafika gawo limodzi mwa magawo atatu, nthawi yokhuthula yakwana, pakuti kulemera kwake kumakoka chomatira. Posintha thumba, khungu litsukidwe ndi madzi okha ndi kuumitsidwa bwino, osapaka mafuta odzola kapena sopo wamafuta, chifukwa zimenezi zimalepheretsa kumata. Bowo la chomatira lidulidwe molingana ndi kukula kwa sitoma, ndipo liyezedwe kawirikawiri m'miyezi iwiri yoyamba popeza sitoma imaphwa pang'onopang'ono. Thumba latsopano lipatsidwe maola angapo kuti ligwire bwino munthu asanatuluke thukuta. Lamba wopangidwira zimenezi, kabudula wothina wofika pamwamba pa mchombo, kapena nsalu yofewa yomangidwa mozungulira mimba zimaletsa thumba kulendewera, koma zisathine mpaka kutseka njira ya zotuluka. M'kachikwama kakang'ono mukhale thumba lina, kansalu ndi pepala lapulasitiki lotayiramo.

Pa chakudya, aliyense amaphunzira thupi lake, koma pali zimene ambiri aziona. Kudya chakudya chachikulu n'kuthamanga nthawi yomweyo kumadzaza thumba panjira, choncho papite maola awiri kapena kuposerapo. Kuthamanga ndi njala yoopsa nakonso kumabweretsa mpweya ndi kufooka. Nthochi kapena kaphala pang'ono n'zokwanira. Nsima, mpunga, nthochi zakupsa ndi mbatata zimalimbitsako zotuluka. Nyemba, kabichi, anyezi ndi zakumwa zamagasi zimatupitsa thumba ndi mpweya. Kwa munthu wa iliyositomi, zakudya za ulusi kapena zovuta kugaya monga chimanga chowotcha, mtedza wosasinja, mango a ulusi, zotsalira za nzimbe ndi masamba okhwima zimatha kutseka njira ngati sizinatafunidwe bwino. Ayese chimodzichimodzi, pang'ono, atafune mofatsa, ndipo asayese chakudya chachilendo tsiku lothamanga.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kudikira mawa. Sitoma ikasintha mtundu n'kukhala yakuda kapena yotuwa, ikatuluka magazi osaleka, ikatalika mwadzidzidzi, kapena zotuluka zikasiya kubwera pamene mimba ikutupa, ikupota ndipo munthu akusanza, athamangire naye kuchipatala. Chimodzimodzi zotuluka zikachuluka ngati madzi mpaka munthu kufooka. Chotupa chatsopano pambali pa sitoma chikaoneka, kuthamanga kuyambe kwaima mpaka adokotala atachiona. Kuchokera ku Moatize kupita kuchipatala chachikulu cha chigawo ku Tete ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20, koma kuchokera ku Zóbuè ndi makilomita oposa 100, choncho banja la kutali likonzeretu za mayendedwe vuto lisanafike. Safunsa anadya phula.

Mbali yathu ngati mpingo

Zonse zimene tafotokozazi zimadalira chinthu chimodzi, ndicho thumba labwino. M'zipatala zambiri za m'chigawo chino cha Africa matumba sapezeka nthawi zonse, ndipo m'masitolo a mankhwala mtengo wake ndi wosafikirika kwa banja wamba. Akasowa, anthu amamata mapepala apulasitiki wamba kapena kumanga nsanza. Zotuluka zimawotcha khungu, fungo limamveka, ndipo munthu amasiya kutuluka. Thumba lenileni lomatidwa bwino silitulutsa fungo. Apa mpingo ungathe kuchitapo kanthu. Bungwe la madikoni kapena amayi a chigwirizano angasonkhe kangachepe mwezi ndi mwezi, kapena kutuma m'bale wopita ku Tete, ku Beira kapena ku Blantyre kuti akafufuze. Pofunsa kuchipatala kapena kusitolo ya mankhwala kuno, dzina lake m'Chipwitikizi ndi bolsa de colostomia, ndipo wotumidwa atenge chitsanzo cha thumba limene wodwala amagwiritsa ntchito kuti asagule losayenera.

Chachiwiri ndi ntchito zolemetsa za miyezi itatu yoyamba. Tikapita kukazonda wodwala, tisamangosiya shuga ndi sopo. Mayi amene alibe womutungira madzi adzanyamula ndowa ngakhale adokotala anamuletsa, ndipo bambo amene munda wake ukudikira mvula yoyamba adzagwira khasu. Achinyamata a mumpingo akagawana masiku otunga madzi, owaza nkhuni ndi olima, amateteza m'bale wawo ku opaleshoni ina. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu ndi malo athu opemphereramo. Mapemphero athu amatenga maola, ndipo munthu wa sitoma angafune kutuluka kamodzi kapena kawiri. Asayang'anidwe ndi maso ofunsa. Chimbudzi cha patchalitchi chikhale ndi chitseko chotsekeka, ndowa ya madzi ndi sopo. Sitoma nthawi zina imatulutsa kaphokoso ka mpweya mwini wake osafuna. Akulu tikaziziritsa nkhope zathu, ana nawonso amaphunzira kusaseka. M'bale wa thumba angathe kuimba kwaya, kuphika pamaliro ndi paukwati, kutsogolera mapemphero ndi kudyera mbale imodzi ndi anzake. Amayi ambiri a sitoma amatenga pakati ndi kubereka bwino poyang'aniridwa ndi achipatala. Mwamuna kapena mkazi amene akuganiza zothawa banja chifukwa cha thumba afunika kukhalitsidwa pansi ndi ankhoswe ndi akulu a mpingo, ndipo mwana wa sitoma asaletsedwe sukulu kapena kusewera ndi anzake. Nkhani ya sitoma ndi ya mwini wake: tikaidziwa tisaifalitse, ngakhale m'dzina la kupempherera wodwala, pokhapokha iye atalola.

Chomaliza ndi kuperekeza. Tsiku loyamba kutuluka panja ndi lovuta kuposa ena onse, chifukwa munthu amaona ngati aliyense akuyang'ana pamimba pake. Mnzake mmodzi woyenda naye pambali, wonyamula botolo la madzi, wosafunsa mafunso ambiri, amachepetsa mantha amenewo. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Woperekezayo ayende pa liwiro la wodwala, aime pamene iye waima, ndipo akhale wokonzeka kubwerera kunyumba thumba likavuta, popanda kudandaula kapena kukafotokozera ena.

Padziko lonse pali tsiku lokumbukira anthu a sitoma, limene limachitika kamodzi pa zaka zitatu Loweruka loyamba la Okutobala.  Kwa ife mwezi umenewo ndi wa dzuwa loswa mtengo, koma palibe choletsa mipingo ya ku Moatize ndi ku Zóbuè kukonza ulendo waufupi wa mbandakucha, oyenda ndi othamanga pamodzi, ndi kusonkhetsa ndalama ya matumba. Pakali pano, inu amene mukuwerenga muli ndi thumba pansi pa malaya, pitani kukaonana ndi adokotala pa tsiku limene anakupatsani, mufunse mtundu wa sitoma yanu ndi nthawi imene mungayambe, ndipo mawa m'mawa muyende mphindi zisanu pabwalo panu.